Nsungwi, mantha ndi sentimita imodzi

Usiku wa pa 5 Ogasiti 2024 amayi anali kwathu ku Zomba, atabwera kudzaona mdzukulu wawo wakhanda. Tinali titadya kale, mayi a mwana atapita kukagoneka khandalo. Ine maso anali pa kanema, ndikuonera mpikisano wodumpha ndi ndodo pa Olimpiki ya ku Paris, pomwe amayi anangokhala pampando kudikira tulo. Mipikisano ina yonse ya tsikulo pabwalo la Stade de France inali itatha, koma anthu sanabalalike. Onse ankayang'ana mnyamata mmodzi wovala malaya achikasu a dziko la Sweden, atanyamula chindodo chachitali kuposa khoma la nyumba yathu, akuyang'ana mpiringidzo umene unapachikidwa pa mamita 6.25.

Analephera koyamba. Analepheranso kachiwiri.

"Iwe, mwana wa eniakeyu akufunanji kumwambako?" anafunsa amayi.

"Wapambana kale, amayi. Mendulo yagolide ndi yake. Anzake onse atuluka."

"Nanga ngati wapambana, akuvutikiranji?"

Ndisanapeze choyankha, Armand Duplantis anathamanga ulendo wachitatu, nazika ndodo, ndodo inapindika ngati uta, miyendo inaloza kumwamba, ndipo anadutsa mpiringidzo uli phee. Ndinakuwa mpaka khanda linadzuka. Amayi sanakuwe. Anangoti, "Si zija munkachita kudimba izi, iwe mpaka kubwera matope okhaokha?"

Sananame. Kumudzi kwathu, pakati pa dimba la agogo ndi njira ya kusukulu panali ngalande, ndipo nthawi ya dzinja inkadzaza. Mlatho wa mitengo unalipo, koma kutali, ndipo mwana wamwamuna wa zaka khumi sazungulira anzake akumuona. Tinkadula nsungwi. Achimwene ndiwo ankadziwa kusankha: isakhale yaiwisi kwambiri chifukwa imalemera, isakhale youma kwambiri chifukwa imang'aluka, ndipo uigogode kaye, ikatulutsa kaufa pamfundo ndiye kuti tizilombo tadya kale m'kati, itaye. Umathamanga, kuzika nsongayo pakati pa madzi, n'kudziponya. Choopsa sichinali kuthyoka kwa nsungwi ayi. Chinali kukayika. Ukachepetsa liwiro pa phazi lomaliza, nsungwi inkaimirira tsonga pakati pa ngalande, iwe uli lende pamwamba pake, osapita kutsogolo, osabwerera. Kenaka inkasankha yokha kogwera. Tsiku limene amayi ankakumbukiralo inasankha kumbuyo, ine ndili ndi makope m'thumba la pulasitiki.

Sindinadziwe kuti zimenezi zili ndi dzina kwina, kapena kuti zinayambanso chimodzimodzi. Ku Friesland, m'dziko la Netherlands, minda imalekanitsidwa ndi ngalande, ndipo alimi akale ankaoloka ndi mitengo italiitali m'malo mozungulira. Mpaka lero kumeneko kuli mpikisano wotchedwa fierljeppen, wolumpha madzi, ndipo wokayika amagwera m'matope ngati ine. Kumadambo a kum'mawa kwa England ankachitanso zomwezo. Anthu amenewa ankafuna kutalika kwa mtunda. Zolumpha chokwera m'mwamba zinakula pambuyo pake, m'masukulu olimbitsa thupi a ku Germany chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, kenaka m'mipikisano ya ku Britain ndi ku America. Pofika 1896, pa Olimpiki yoyamba ya masiku ano ku Athens, William Hoyt wa ku America anapambana ndi mamita 3.30. Lero ana asukulu amene ali ndi zida amadumpha kuposa pamenepo.

Koma musamuseke Hoyt. Ndodo za nthawi imeneyo zinali za mitengo yolimba, zolemera, zosapindika, ndipo wodumpha ankagwera pamchenga kapena pa utuchi. Amene anagwapo kuchokera mu mtengo wa mango akudziwa kuti mamita atatu si masewera.

Kenaka kunabwera nsungwi. Ndinaseka ndekha tsiku limene ndinamva izi. Kwa zaka pafupifupi 40, kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, akatswiri onse a dziko lapansi ankadumpha ndi nsungwi, zoitanitsa kuchokera ku Asia, chifukwa ndi yopepuka ndipo imavomera kupindika pang'ono. Mfumu ya nsungwi anali Cornelius Warmerdam, mwana wa mlimi ku California, yemwe anaphunzira kudumpha m'munda mwa bambo ake. Mu 1940 anakhala munthu woyamba kupitirira mafiti 15, omwe ndi mamita 4.57. Mu 1942 anafika mamita 4.77. Mafiti 15 amenewo anawadumpha maulendo oposa 40, ndipo padapita zaka zoposa khumi munthu wina aliyense asanawakwanitse ngakhale kamodzi. Mendulo ya Olimpiki alibe. Olimpiki ya 1940 ndi ya 1944 sizinachitike chifukwa cha nkhondo, ndipo pamene nkhondo inkatha iye anali atasiya. Mwa onse amene ndiwatchule pano, uyu ndi amene ndimamukonda, ndipo sindibisa kuti chifukwa chake ndi nsungwiyo.

M'nyengo ya nsungwi yomweyo munachitika kanthu kena ku Berlin mu 1936. Earle Meadows wa ku America anatenga golide ndi mamita 4.35, mpikisano utakoka mpaka usiku. Anyamata awiri a ku Japan, Shuhei Nishida ndi Sueo Oe, onse anadumpha 4.25, ndipo anakana kulimbana okhaokha kuti wachiwiri adziwike. Nishida anapatsidwa siliva, Oe buronzi. Atabwerera kwawo anapita nazo mendulozo kwa mmisiri, nazidula pakati, n'kulumikiza theka la iyi ndi theka la iyo, aliyense n'kukhala ndi yake yamitundu iwiri. Oe anafera kunkhondo mu 1941.

Nkhondo yomweyo inadula njira ya nsungwi zochokera ku Asia, ndipo anthu anatembenukira ku ndodo za chitsulo ndi aluminiyamu. Chodabwitsa n'chakuti chitsulo sichinathandize kwenikweni. Rekodi ya Warmerdam inakhala zaka 15, ndipo pamene Bob Gutowski anaipitirira mu 1957 anangowonjezera sentimita imodzi, 4.78. Don Bragg anafika 4.80 mu 1960. Zaka 18, masentimita atatu. Ndiye kunabwera ndodo ya fiberglass, yopangidwa ndi ulusi wagalasi ndipo yopindika kwambiri, zinthu n'kusokonekera. George Davies anadumpha 4.83 mu 1961, ndipo pofika 1963 Brian Sternberg anali atakwana mamita asanu. Mnyamata ameneyu sanadyerere ulemu wake: chaka chomwecho anavulala khosi pochita masewera olimbitsa thupi, ndipo sanayendenso.

Apa mpofunika kufotokoza chimene ndodo yatsopanoyi imachita, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti imangomuponya munthu ngati legeni. Ndodo ilibe mphamvu yakeyake. Imasunga zimene mwaipatsa n'kukubwezerani. Wodumpha amathamanga mamita 40 kapena kuposerapo atanyamula ndodo yotalika mamita asanu. Kumapeto kwa njirayo kuli kabokosi kokumbidwa pansi, kozama masentimita 20, ndipo nsonga ya ndodo iyenera kulowa mmenemo munthuyo ali pa liwiro lake lonse. Liwiro limenelo ndi limene limapinda ndodo. Pamene ikuwongoka, iye amakhala atadzitembenuza, mutu pansi miyendo kumwamba, n'kudzikankha ndi manja, n'kupotokola thupi kuti mimba iyang'ane mpiringidzo, n'kubweza chifuwa ndi manja asanagwe. Zonsezi zimatenga kanthawi kochepa kuposa kuyetsemula kawiri. Ndodo yolimba kwambiri imaponya munthu patali m'mwamba, koma imafuna wothamanga kwambiri kuti ipindike. Wosakwanitsa imamubweza komwe wachokera, kapena kumugwetsera m'kabokosi muja, pomwe palibe matiresi. Ndiye mfundo ya kungalande ija sinasinthe: wokayika pa phazi lomaliza, ndodo imamukana. Kusiyana kwake n'kwakuti pansi pa ine panali matope.

Kuti muone kutalika kwake, golo ya mpira wamiyendo ndi yotalika mamita 2.44. Sanjikizani magolo awiri, muwonjezere theka la yachitatu. Mwangofika pa 6.10.

Anthu a ku America anatenga golide wa masewerawa pa Olimpiki iliyonse kuyambira 1896 mpaka 1968. Ulamuliro wawo unatha ku Munich mu 1972 mwamkangano: ndodo zamtundu watsopano zimene Bob Seagren ndi ena anazolowera zinaletsedwa mpikisano utayandikira, ndipo Wolfgang Nordwig wa ku East Germany anapambana. Ku Moscow mu 1980 khamu linkamukuwiza Władysław Kozakiewicz wa ku Poland kuti alephere. Iye anatenga golide, nakweza rekodi kufika 5.78, ndipo anayankha khamulo ndi mkono mwanjira imene amayi sakanalola m'nyumba mwawo. Ku Poland chizindikiro chimenecho amachitchulabe ndi dzina lake.

Tsopano Sergey Bubka. Anafika ku Helsinki mu 1983 ali ndi zaka 19, osadziwika ndi aliyense, n'kupambana mpikisano woyamba wa dziko lonse lapansi. Anapambananso mipikisano isanu yotsatira, mpaka 1997. Mphunzitsi wake, Vitaly Petrov, anamuphunzitsa kugwira ndodo pamwamba kuposa anzake ndi kupitiriza kuipatsa mphamvu miyendo itachoka kale pansi, m'malo mongolendewera kudikira kuti imuponye. Ku Rome, pa 31 Ogasiti 1984, Thierry Vigneron wa ku France anadumpha 5.91 n'kumulanda rekodi. Anasangalala mphindi zowerengeka chabe: Bubka anadumpha 5.94 usiku womwewo, pabwalo lomwelo. Pa 13 Julayi 1985 ku Paris anakhala munthu woyamba kudumpha mamita asanu ndi limodzi. Anakweza rekodi maulendo 35, panja ndi m'mabwalo ofoleredwa, mpaka 6.15 ku Donetsk mu 1993 ndi 6.14 panja ku Sestriere mu 1994. Komabe golide wa Olimpiki ali naye mmodzi yekha, wa ku Seoul mu 1988. Mu 1984 dziko lake la Soviet Union linanyanyala Olimpiki ya ku Los Angeles. Ku Barcelona mu 1992, aliyense akuti mendulo ndi yake basi, analephera katatu osadumpha kanthu, n'kunyamula ndodo zake kubwerera.

Bubka ndi amene anatchukitsa khalidwe lokweza rekodi pang'onopang'ono, kawirikawiri sentimita imodzi pa ulendo, ndipo Duplantis watengera. Anthu amati ndi dyera. Rekodi iliyonse imabwera ndi ndalama, ndipo pa mpikisano wa dziko lonse yokha amapereka madola 100,000, ndiye munthu wanzeru angagulitsirenji thumba lonse la chimanga tsiku limodzi pomwe angamagulitse pa mbale pa mbale? Zoona zilipo pamenepo, ndipo ine sindiona cholakwika. Ntchito ya thupi ndi ya zaka zochepa. Chimene sindigwirizana nacho ndi maganizo akuti sentimitayo ndi yotchipa, ngati kuti ili m'thumba ndipo amangoitulutsa akafuna. Amene amalankhula choncho amaonera kadutswa ka masekondi khumi pa foni, pamene munthu wadutsa. Saona madzulo ambirimbiri pamene Duplantis yemweyo anakweza mpiringidzo, n'kuugwetsa katatu, n'kupita kukagona. Ku Paris kunatsala ulendo umodzi kuti zikhale choncho.

Ndipo apa ndi pamene funso la amayi lija limandisowetsa mtendere. Pa mpikisano wothamanga, wopambana amamaliza atapambana. Pa masewera awa pafupifupi aliyense amamaliza atalephera. Malamulo ake ndi otero: umadumpha, mpiringidzo umakwezedwa, umadumphanso, mpaka ugwetse katatu motsatizana. Wachisanu amatuluka atagwetsa. Wachiwiri amatuluka atagwetsa. Woyamba amatsala yekha, ndipo oweruza amamufunsa kuti tiike pati. Angathe kunena kuti basi. Ambiri sanena. Amatchula nambala imene sanaifikepo, ndipo kawirikawiri chomaliza chimene khamu limaona ndi katswiri ali chagada pa matiresi, mpiringidzo ukumugwera pamimba. Renaud Lavillenie wa ku France anadumpha 6.16 ku Donetsk pa 15 Febuluwale 2014, n'kuchotsa rekodi imene inakhala zaka 21, Bubka mwini wake ali pompo akuonerera. Munthu wina akanavala jekete n'kupita kukamwa. Iye anati ikani 6.21, ndipo poyesa anadzicheka phazi.

Mwina n'chifukwa chake odumpha ndi ndodo sakhala ngati adani. Amakhala limodzi pabwalo maola atatu, akudikirana, akuuzana za mphepo. Ku Paris kuja, Sam Kendricks wa ku America, amene anali atangogonja n'kutenga siliva, ndi amene ankatsogolera khamu kuomba m'manja kuti Duplantis adumphe. Ku Budapest mu 2023, Katie Moon wa ku America ndi Nina Kennedy wa ku Australia onse anadumpha 4.90, onse n'kulephera kupitirira, ndipo atatopa anayang'anana n'kugwirizana kugawana golide. Ena anawanena kuti ndi mantha. Onenawo sanayambe athamangirapo kabokosi miyendo itatheratu.

Za akazi m'masewerawa n'zochititsa manyazi pang'ono. Kwa zaka zoposa 100 ankati thupi la mkazi silingakwanitse, ndipo pa Olimpiki analoledwa koyamba mu 2000 ku Sydney, kumene Stacy Dragila anapambana ndi 4.60. Patangopita zaka zisanu, pa 22 Julayi 2005 ku London, Yelena Isinbayeva wa ku Russia anadumpha mamita asanu. Mu 2009 ku Zurich anafika 5.06. Amuna zinawatengera zaka 67 kuchokera pa Olimpiki yoyamba kuti afike mamita asanu, ngakhale kunena chilungamo amuna ankalimbana ndi nsungwi. Isinbayeva anayamba ndi masewera opinda thupi ali mwana, ndipo anawasiya atatalika kwambiri. Ankakonda kudzifunditsa kumutu pabwalo anzake akudumpha, n'kudzayamba iye ambiri atatuluka kale.

Ndikaganiza za Duplantis ndimaganizanso za kuseri kwa nyumba. Anabadwira ku Lafayette, ku Louisiana, mu 1999. Bambo ake, Greg, anali wodumpha ndi ndodo amene anafikapo 5.80. Mayi ake, Helena, ndi a ku Sweden, ndipo nawonso anali katswiri wa zothamanga ndi kudumpha, n'chifukwa chake mwanayo amavala chikasu. Kuseri kwa nyumba yawo kunali kanjira kothamangira, kabokosi ndi matiresi. Anayamba kudumpha asanayambe sukulu. Ife tinayamba ndi zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi, ndipo sindikunama kuti panali wina wa ife amene akanakhala Duplantis. Koma panali mnyamata wina, wamfupi, wopepuka, wopanda mantha ngakhale pang'ono, amene ankaoloka pamalo pamene ngalande inatambalala, akuseka ali m'malere. Kusukulu kwathu tsiku la masewera kunali kuthamanga, kudumpha chingwe n'kugwera pamchenga, ndi kuponya. Ndodo kunalibe, ndipo sindiimba mlandu aphunzitsi. Ndodo imodzi ya fiberglass imagulidwa madola mazana angapo, katswiri amafunika zingapo zolimba mosiyanasiyana, matiresi ake ndi okwera mtengo kuposa pamenepo, ndipo ngakhale akatswiri otchuka amavutika kukweza ndodo zawo m'ndege. Wothamanga mtunda wautali amangofunika msewu. Ndiye sizodabwitsa kuti Africa, imene imadzaza mendulo pa kuthamanga, pa masewera a ndodowa imaoneka mwa apo ndi apo. Okkert Brits wa ku South Africa ndi amene anatikweza: anadumpha 6.03 ku Cologne mu 1995, nthawi imene anthu opitirira mamita asanu ndi limodzi ankawerengeka ndi zala za dzanja limodzi, ndipo anatenga siliva pa mpikisano wa dziko lonse mu 2003.

Nthawi zina ndimalakalaka atakonza mpikisano umodzi wokha wa nsungwi, akatswiri a lero onse apatsidwe nsungwi, tione ngati alipo angafike pa 4.77 ya Warmerdam. Ndikudziwa kuti palibe mphunzitsi angalole mwana wake kuchita zimenezo. Ndimangofuna kudziwa kuti pa mita imodzi ndi theka imene yawonjezeka kuyambira 1942, gawo la munthu ndi liti ndipo gawo la fakitale ndi liti. Koma ndikayang'ana Duplantis akuthamanga ndimasiya mkanganowo. Ndodo zimene amagwiritsa ntchito aliyense angathe kugula. Liwiro lofika nalo pa kabokosi, osaphethira, ndi limene ena alibe. Rekodi yake yoyamba inali 6.17 ku Toruń, m'dziko la Poland, pa 8 Febuluwale 2020, ndipo patangotha sabata anadumpha 6.18 ku Glasgow. Itatha Paris sanapume: 6.26 ku Chorzów mwezi womwewo, kenaka mu 2025 6.27 ku Clermont-Ferrand, 6.28 ku Stockholm pamaso pa anthu akwawo, 6.29 ku Budapest.

Pa 15 Sepitembala 2025 kunali ku Tokyo, mpikisano wa dziko lonse. Kuno kunali masana, Lolemba, ndipo ndinaonera pa foni ku ntchito, mawu nditatsitsa. Emmanouil Karalis wa ku Greece anamukakamira mpaka mamita asanu ndi limodzi, kenaka Duplantis anatsalanso yekha n'kuitanitsa 6.30. Anagwetsa kawiri. Kachitatu mpiringidzo unagwedezeka koma sunagwe, ndipo anzake amene anali atangowagonjetsa anamuthamangira kukamukumbatira. Inali rekodi yake ya nambala 14.

Madzulo ndinaimbira amayi kumudzi.

"Amayi, mwana wa eniake uja wakwezanso."

"Uti?"

"Wa ndodo uja. Amene anadzutsa khanda."

"Oho. Wakweza kwambiri?"

"Kuchokera tsiku lija, masentimita asanu."

"Ndiye kutalika bwanji kumeneko?"

"Ngati chala chanu chaching'ono."

Anakhala chete pang'ono. Ndinamva nkhuku ndi wailesi ya aneba.

"Chaka chonse, chala chimodzi. Sanathyoke?"

"Sanathyoke."

"Chabwino. Nanga za feteleza zija wafika nazo pati?"